Dzuwa limawala masana, nsomba zimabanika usiku

Mlimi wa nsomba amalidziwa dziwe lake m'mamawa, osati masana. Pitani ku dambo tambala atangolira kachiwiri, udzu udakali ndi mame. Imani phee m'mbali mwa dziwe. Ngati madzi ali bata ndipo nsomba zili pansi, bwererani mukagone. Koma tsiku lina mudzapeza nsomba zonse zabwera pamwamba, milomo ili yasa, yasa, ngati zikumwa madzi. Mukaomba m'manja zimamira pang'ono, kenaka n'kubweranso. Ena amati zili ndi njala, ndipo amathamangira kukatapa gaga. Ena amayamba kuganizira mnansi wanjiru. Nthawi zambiri si njala, si mnansinso ayi. Nsombazo zikubanika. M'madzimo mpweya watha.

Kuno ku Angónia maiwe a nsomba, amene pa Chipwitikizi amati tanques piscícolas, timakumba m'madambo, pafupi ndi madimba a mbatatesi, kabichi ndi tomato. Chigawo chathu cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, limene magetsi ake amafika mpaka ku South Africa. Koma mzati wa magetsi sutsikira ku dambo. N'chifukwa chake mlimi akamva kuti kuli makina opopera mpweya m'madzi oyendera dzuwa, amatchera khutu. Sola si mlendo pakati pathu. Ili pa madenga, imatchaja mafoni, imayatsa mababu. Kuigwiritsa ntchito pa dziwe n'kotheka ndithu. Koma pali chinthu chimodzi choti mumvetse musanatulutse ndalama, ndipo chinthucho ndi nthawi imene nsomba zimasowa mpweya.

Nkhokwe imene imatha m'bandakucha

Nsomba imapuma ngati ife. Ife timakoka mpweya ndi mphuno. Nsomba imausefa m'madzi ndi makha, ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu. Gawo la mpweya limene limapatsa moyo limatchedwa okosijeni. Pa Chipwitikizi amalemba oxigénio.

M'madzi okosijeni ndi wochepa kwambiri. Tengani migolo iwiri ya malita 200. Wina mudzaze madzi a mumtsinje. Winawo muusiye chomwecho, muli mpweya wokha. Mgolo wa madzi uli ndi okosijeni wosakwana magalamu 2. Mgolo wa mpweya uli ndi wochuluka kuposa pamenepo pafupifupi ka 30. Nsomba imakhala ndi moyo pa kachinthu kochepa chotero.

Kwathu kuno kachinthuko kamachepanso pang'ono. Ulongwe ali pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo kumtunda mpweya umapepuka. Madzi a kuno akafunda mofanana ndi a ku Beira, amasunga okosijeni wopereŵera ndi gawo limodzi mwa magawo 7. Chotipulumutsa n'chakuti kuno kumazizira, ndipo madzi ozizira amasunga wambiri kuposa ofunda.

Okosijeni wambiri wa m'dziwe amapangidwa m'dziwe momwemo. Amene amapanga ndi tizomera ting'onoting'ono timene timabiriwiritsa madzi. Ndi tomwe tija timachuluka mukathira manyowa, ndipo nsomba za mtundu wa tilapia zimatidya. Dzuwa likawala timatulutsa okosijeni, monga amachitira masamba a chimanga. Pofika 3 koloko masana dziwe lobiriwira limakhala litakhuta. Dzuwa likalowa ntchito imaima. Usiku wonse wopanga palibe, koma opuma alipo ambiri: nsomba, mbululu, tizomera tomweto, matope owola a pansi, ndi gaga amene nsomba zinasiya dzulo. Nkhokwe yodzaza masana imadyedwa usiku wonse. Imafika pansi m'bandakucha.

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Mungapeze sola yolumikizidwa ku pampu mwachindunji, popanda batire. Wogulitsa aviika kapaipi m'ndowa ya madzi dzuwa lili phwee, thovu n'kumatumphuka. Zimakoma m'maso, mtengo wakenso ndi wotsika. Koma pampu yotere imagwira ntchito masana, pamene dziwe silikusowa kanthu, ndipo imagona usiku limodzi ndi mwini wake. Si kuti ilibiretu phindu, chifukwa imasakaniza madzi a pamwamba ndi a pansi. Koma 4 koloko m'mawa, nsomba zikubanika, iyo ili chete. Ntchito ya sola pa dziwe ndi kudzaza batire masana. Ntchito ya batire ndi kuyendetsa pampu usiku. Mtima wa makina onsewa ndi batire.

Kodi dziwe lanu likuwafuna makinawa?

Maiwe ambiri sawafuna. Tiyeni tiwerenge. Dziwe la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi lili ndi masikweya mita 200. Mlimi wodyetsa gaga ndi kuthira manyowa amalangizidwa kuika nsomba 2 kapena 3 pa sikweya mita. Ndiye kuti nsomba 400 mpaka 600. Dziwe lotere, ngati limalandirako madzi a kasupe kapena a ngalande, limadzipumira lokha.

Vuto limayamba nsomba zikathithikana. Mwina mwaika 5 kapena kuposa pa sikweya mita, ndipo mukudyetsa chakudya chogula, chija amati ração. Mwina simunaike zambiri, koma zaswana. Tilapia siichedwa kuswa, ndipo 600 zija zimasanduka masauzande mwini wake osadziwa. Mwinanso nsomba zakula, zatsala pang'ono kukololedwa, ndipo ndi mwezi wa Okutobala: kukutentha, kasupe wachepa, dziwe laphwera. Mlamba wokha ndiye sadandaula, chifukwa umatha kubwera pamwamba n'kumeza mpweya wa kunja.

Yesaninso kubiriwira kwa madzi. Vivikani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka mwa apo ndi apo, madzi ali bwino. Ngati chasowa mkono usanafike ndi theka lomwe, madzi abiriwira mopitirira. Tizomera tachuluka, ndipo usiku tidzalimbirana mpweya ndi nsomba. Mankhwala ake si makina. Lekani kuthira manyowa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, lowetsani madzi atsopano.

Tsopano ndalama. Nsomba 600 zikafika magalamu 150 iliyonse, zonse pamodzi ndi makilogalamu 90. Funsani mtengo wa kilogalamu pa msika wa Ulongwe kapena wa Domue, muchulukitse ndi 90. Kenaka funsani mtengo wa sola, batire ndi pampu. Kumbukirani kuti batire amakalamba, mudzagulanso wina. Ine ndikuona kuti pa dziwe limodzi la nsomba zotayana, ndalamazo ndi bwino kugulira mbewu yabwino ndi chakudya. Makina amabweza ndalama kwa wolera ana a nsomba ogulitsa, kwa wodyetsa chakudya chogula m'dziwe lothithikana, ndi kwa gulu la alimi limene maiwe awo ali pamodzi. Musanagule, kacheze ndi alangizi a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi malonda. Za ulimi wa nsomba m'dziko lonse zimayang'aniridwa ndi bungwe la IDEPA.

Zida ndi masamu ake

Magetsi amayenda njira imodzi. Amayambira pa sola, painel solar. Amalowa m'kabokosi kotchedwa kontorola, controlador de carga. Kameneka ndi mlonda wa batire: kamaletsa kuti asadzaze mopitirira, kamaletsanso kuti asakamidwe mpaka kuuma. Kuchokera pamenepo magetsi amasungidwa m'batire, bateria. Usiku amapita ku pampu ya mpweya, bomba de ar. Pampu imakankha mpweya m'kapaipi, mangueira, mpaka ku kamwala ka timabowo kamene kamakhala m'madzi, pedra difusora. Kamwalako kamaphwanya mpweya kukhala tithovu. Pa kapaipi pamakhala kavalavu koletsa madzi kubwerera, válvula de retenção. Maina a Chipwitikiziwa alembeni pa pepala popita ku sitolo.

Pa chida chilichonse pali zilembo zoti muwerenge. Chilembo V chimaimira mavoti. Zida zonse zikhale za 12 V. Musagule pampu ya 220 V yofuna invetala: invetala imadya magetsi pachabe, ndipo 220 V pafupi ndi madzi imapha munthu. Chilembo W chimaimira mawati. Pa pampu chimanena kuchuluka kwa magetsi amene imadya. Pa sola chimanena amene imapanga dzuwa likaswa mtengo. Zilembo Ah zili pa batire, ndipo zimanena kukula kwa nkhokwe.

Tengani pensulo. Tiyerekeze kuti pampu ndi ya 30 W. Mukufuna iziyenda kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 8. Chulukitsani 30 ndi 8. Yankho ndi 240. Chimenecho ndi chakudya cha pampu usiku umodzi.

Batire wa 12 V ndi 100 Ah amasunga 12 kuchulukitsa ndi 100, ndiye 1,200. Koma batire wa mtovu ndi asidi safuna kutapidwa kupitirira theka. Mukamamukama mpaka pansi usiku uliwonse, samaliza chaka. Choncho zanu ndi 600 zokha. Zimenezi zikukwana mausiku awiri, n'kutsalako pang'ono. Zotsalazo si zowonongeka ayi. Ndi za tsiku la mitambo.

Sola ya 100 W, pa tsiku lowala bwino, imalandira dzuwa lamphamvu lokwana ngati maola 5. Ndiye 500. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo 4, lotayika m'mawaya, m'kontorola ndi m'batire. Zatsala 375. Poyerekeza ndi 240 zija, zakwana. Koma mu Januwale, kukachita mdima wa mitambo, sola yomweyo siifika ndi theka lomwe. Amene angathe agule ya 150 W.

Batire wa galimoto ndi wosavuta kupeza, koma sanapangidwire ntchito imeneyi. Iye amadziwa kuliza injini kwa kanthawi n'kudzazidwanso pomwepo. Funani wolembedwa ciclo profundo kapena solar. Alipo a lithium, amene amalola kutapidwa kwambiri ndipo amakhalitsa, koma mtengo wake ndi wokwera, ndipo amafuna kontorola yogwirizana nawo.

Ndikuuzeninso choona china. Pampu ya 30 W siingadzaze dziwe lonse ndi okosijeni. Imangopanga malo othawirako. Nsomba zimadziwa, zimasonkhana pa thovupo mpaka dzuwa litatuluka. Mafamu akuluakulu amagwiritsa ntchito makina a zipalasiro, omenya madzi ngati nkhafi. Amodzi amadya pafupifupi 750 W. Maola 8 ndiye 6,000. Gawani ndi 600: mabatire 10 usiku umodzi. Amenewo si a ku dimba kwathu.

Kumanga

Sola iyang'ane kumpoto. Ife tili kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati, choncho miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu. Kuti mudziwe kumpoto, yang'anani kotulukira dzuwa, tambasulani dzanja lamanzere. Kumene lalozako ndiko. Sola ipendekeke pang'ono, madigiri ngati 15. Ngati ndi yotalika mita imodzi, mbali ya kum'mwera ikwere masentimita 25 kuposa ya kumpoto. Kupendekeka kumeneku kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Pasakhale mthunzi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Tsamba limodzi la nthochi likaphimba ngodya imodzi, magetsi amatsika kwambiri, osati a ngodya yokhayo.

Batire, kontorola ndi pampu zikhale m'kanyumba kapena m'bokosi lokwezedwa, losadontha, lokhala ndi mipata yopitira mphepo. Batire akamadzaza amatulutsa mpweya woyaka, ndiye fodya ndi koloboyi zisayandikire. Pampu ikhale pamwamba kuposa madzi a m'dziwe. Ikakhala m'munsi, tsiku lina ikazima madzi adzakwera m'kapaipi n'kudzalowa m'kati mwake. Kavalavu kaja kali ndi muvi. Muviwo uloze ku dziwe.

Nanga akuba? Sola yosiyidwa yokha ku dambo imaitana manja. Ngati nyumba kapena chisakasa cha mlonda chili pafupi, ikani zida zonse kumeneko, ndipo mutalikitse kapaipi ka mpweya. Musatalikitse mawaya. Magetsi a 12 V amafooka akayenda mtunda, makamaka m'waya wowonda. Mpweya umayenda bwino, bola paipi ikhale yokulirapo pa mtunda wautaliwo. Ikwirireni pansi pang'ono kuti khasu, mbuzi ndi dzuwa zisaiwononge.

Polumikiza pali dongosolo losasintha. Yambani ndi batire ku kontorola. Kenaka sola. Pomalizira pampu. Pomasula, yambani ndi sola, batire akhale womaliza. Mukayamba kulumikiza sola batire kulibe, makontorola ena amapsa. Waya wofiira amapita pa chizindikiro cha +, wakuda pa chizindikiro cha −. Pa waya wofiira, pafupi ndi batire, ikani fyuzi, fusível, ya 15 A. Ndi kachinthu kotchipa kamene kamapsa m'malo mwa nyumba yonse.

Kamwala ka thovu kakhale ku mbali yakuya ya dziwe. Kamangirireni pa njerwa kuti kakwere ngati chikhatho chimodzi kuchokera pa matope. Kakagona m'matope kamavundula zowola, ndipo zowolazo zimadya okosijeni amene mukuthirayo. Mangani chingwe ku njerwa, mbali inayo ku botolo loyandama, kuti muzikatulutsa osalowa m'madzi. Tithovu ting'onoting'ono ndi tabwino kuposa thovu lalikulu logubuduka, chifukwa timakwera pang'onopang'ono, tikusiya okosijeni m'njira. Dziwe losafika mita imodzi kuya silipindula kwenikweni, poti thovu limafika pamwamba lisanagwire ntchito. Pa dziwe lotere ganizirani pampu ya madzi ya 12 V, yotunga m'dziwe momwemo n'kuwaza m'mwamba kuti agwe ngati mvula.

Makontorola ambiri ali ndi wotchi yake. Amadziwa kuti kwada akaona sola yasiya kupanga magetsi, ndipo amayatsa okha. Chenjerani: ambiri anapangidwira mababu, choncho amayatsa dzuwa likangolowa. Mukawapatsa maola 8, pampu idzayamba cha m'ma 6 koloko madzulo n'kuzima 2 koloko usiku, pamene vuto likungoyamba kumene. Ena amalola kusankha maola oyandikira kucha. Ngati yanu siitero, gulani kawotchi kapadera ka 12 V, kapena muziyatsa ndi dzanja popita kogona.

Thovu likasiya

Makina akavuta, musathamangire kumasula zonse. Yambani ndi khutu.

Ngati pampu ikulira koma m'madzi mulibe thovu, zulani kapaipi pa pampu, muike chala potulukira mpweya. Mpweya ukakhala wamphamvu, pampu ilibe mlandu. Tsatani kapaipi. Mwina kapindika, mwina khoswe waluma, mwina wina anabwezera kavalavu chododoma. Kawirikawiri ndi kamwala kamene katsekeka ndi ndere. Katulutseni, kakwecheni ndi mswachi wakale, kaviikeni mu viniga usiku umodzi, katsukeni bwino musanakabwezere. Khalani ndi kamwala kena kosinthira. Mpweya ukakhala wofooka pa chala, onani polowera mpweya. Pali kasiponji kosefa fumbi, ndipo nyerere ndi mavu omanga ndi dothi amakonda pamenepo. Ngati ndi poyera, ndiye kuti kamphira ka m'kati kang'ambika. Kamphira kameneka, diafragma, kamavina uku ndi uku usiku wonse, ndipo kamatha ngati mphira ya pampu ya njinga. Tsiku logula pampu, gulaninso kamphira kosinthira. Ngati wogulitsa alibe, dziwani kuti pampuyo ikadzang'ambika yatha.

Ngati pampu ili chete, onani kontorola. Ikakhala yozimiratu, onani fyuzi ndi mitu ya batire. Pa mitupo pamamera ufa woyera kapena wobiriwira umene umatseka magetsi. Masulani, tsukani ndi madzi osakaniza ndi soda, pukutani, mangani kolimba, pakani girisi pang'ono. Fyuzi ikapsa, musaike chiwaya m'malo mwake. Funani chimene chaipsereza.

Vuto loopsa kuposa onse ndi lobisika. Pampu imayamba bwino 10 koloko, mwini wake amaona thovu, amakagona mtima uli m'malo. Cha m'ma 2 koloko imazima. M'mawa dzuwa likatuluka batire amadzukanso, zonse n'kumaoneka ngati zili bwino, koma nsomba zikuyandama. Njira yodziwira ndi imodzi: sabata yoyamba, ndi kamodzi pa sabata pambuyo pake, dzukani 4 koloko mukaone ndi maso.

Kuzima kotere kumatanthauza kuti batire sanadzaze kapena wakalamba. Makontorola ambiri amaonetsa manambala a mavoti. Werengani patapita ola limodzi dzuwa litalowa, pampu isanayambe. Batire wa mtovu wodzaza amaonetsa 12.6 kapena 12.7. M'mawa, pampu itazima, asatsike kupitirira 12.1, chifukwa pamenepo ndi pa theka. Lembani manambala awiriwa m'kope tsiku lililonse. Kope limeneli lidzakuuzani za matenda a batire iye asanafe.

Ngati madzulo nambala siikufika 12.6, vuto lili kolowera. Yambani ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la mumsewu ndi phulusa la moto wolusa zimakuta galasi. Tsukani m'mawa ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, galasi lisanatenthe. Onaninso mthunzi. Bulugama amene sankafika pa sola mu Disembala akhoza kuiphimba mu Juni, chifukwa dzuwa latsikira kumpoto ndipo mithunzi yatalika. Mmisiri wa mita yoyezera magetsi akayeza sola yomasulidwa masana, ayenera kupeza mavoti pakati pa 18 ndi 22. Dziwaninso kuti si sola iliyonse imene imapanga zimene zalembedwa kumbuyo kwake. Sola ya 100 W yeniyeni ndi yaikulu, pafupifupi mita imodzi m'litali ndi kupitirira theka la mita m'lifupi. Kakang'ono ngati thireyi kolembedwa 100 W kakunamizani.

Ndipo pali wakuba wina amene sathyola loko. Ndi foni. Lero mwana watchaja yake, mawa mlamu wabwera ndi ziwiri, Loweruka kuli mpira ndiye batire wapita ku wailesi ya kanema. Palibe amene akufuna kupha nsomba, koma masamu athu aja sanawerengere zimenezi. Banja kapena gulu ligwirizane poyera kuti batire wa dziwe ndi wa dziwe.

Ngati madzulo nambala ili bwino koma imagwa msanga pampu ikangoyamba, batire watha. Wokhala ndi zitsekerero pamwamba, onani ngati madzi ake aphwera. Onjezani madzi a batire ogula, água destilada. Musathire a pachitsime, musathirenso asidi. Kontorola ikazimitsa pampu chifukwa batire watsika, musailambalale polumikiza pampu ku batire mwachindunji. Mupulumutsa usiku umodzi, mupha batire. Batire wakufa musamutaye ku dambo, musamuswe. Mtovu ndi asidi ndi poizoni kwa nsomba ndi kwa ana. Kamusiyeni kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale.

Nyengo

Masiku a mitambo amamenya kawiri. Tizomera sitipanga okosijeni wokwanira, ndipo sola siidzaza batire. Nsomba zimafuna pampu kwambiri pa tsiku lomwe pampu ili ndi njala. Mukaona mvula ya mvumbi yagwa masiku awiri, chepetsani chakudya ndi theka, lekani manyowa, ndipo yatsani pampu mochedwa, 12 koloko kapena 1 koloko usiku, kuti mphamvu ifike m'bandakucha.

Samalaninso mvula yamkuntho yogwa patatha masiku otentha opanda mphepo. Pa masiku otere madzi ofunda amakhala pamwamba, ndipo a pansi amakhala opanda okosijeni. Mvula yozizira ikagwa imatembenuza dziwe, a pansi aja n'kukwera. Nsomba zingabanike ngakhale masana. Yatsani pampu nthawi yomweyo.

Mu Juni ndi Julayi nkhani imasintha. Madzi akazizira kutsika pa madigiri 20, tilapia imachepetsa kudya ndipo siifuna okosijeni wambiri. Thovu la usiku limangowonjezera kuzizira. Ngati nsomba sizikubwera pamwamba m'mamawa, pampu ipume. Batire akhalebe wolumikizidwa ku sola, chifukwa wosiyidwa wosadzaza amafa ali chigonere. Imeneyi ndiyo nyengo yosintha kamphira ndi kutsuka kamwala.

Si kubanika konse kumene kumachokera ku mpweya. Nsomba zikamazungulira ngati zaledzera dzuwa lili pamutu, achule ndi tizilombo ta m'madzi n'kumafanso, ganizirani mankhwala. Madimba a mbatatesi ndi tomato amapoperedwa kawirikawiri, ndipo wina akatsukira chopopera m'ngalande ya kumtunda, poizoni amatsikira kwa inu. Pampu siichotsa poizoni. Tsekani madzi olowa, ndipo nsomba zofazo musadye. Nsomba zikakhala ndi zilonda zofiira pa thupi, amenewo ndi matenda. Mu 2020 matenda a zilonda otchedwa EUS anabuka ku Mchinji, m'dziko la Malawi, ndipo si kutali ndi kuno. Mukaona zotere kauzeni alangizi, ndipo musasamutse nsomba kapena ukonde kupita ku dziwe lina.

Tsiku lina mudzafika pa dziwe m'bandakucha, pampu ili chete, nsomba zili yasa, yasa. Musayambe ndi kukonza makina. Musathire gaga, chifukwa nsomba yodya imafuna mpweya wambiri, ndipo gaga wotsala amaola. Tsegulani ngalande kuti madzi atsopano alowe, ndipo agwere pa miyala kapena pa lata kuti aphwanyike. Itanani a pabanja. Wina atunge madzi a pamwamba ndi ndowa n'kumawaponya m'mwamba, wina amenye madzi ndi nsungwi kapena nthambi ya masamba. Chitirani malo amodzi, muli pa mtunda, osalowa m'dziwe kuti mungavundule matope. Pitirizani mpaka dzuwa litagunda madzi ndipo nsomba zitatsika zokha. Tsiku limenelo zisadye. Zofa zichotseni msanga. Mukatero tsegulani bokosi, muwerenge nambala ya pa kontorola, muilembe m'kope.